Yunifomu pa Waya wa Wailesi

Ndikukumbukira waya uja kuposa mmene ndikukumbukirira nkhope za aphunzitsi anga. Ankachokera pa zenera la pabalaza m'nyumba yathu ku Kuwadzana, n'kudutsa pamwamba pa kadimba ka repu ka amayi, n'kukamangidwa pa nthambi ya mtengo wa mabulosi kumpanda. Anali waya wakopa, wosalala, wopanda dzimbiri, wokokedwa bwino kuti nga. Munthu aliyense wamaso akanangomuona akanati apa ndiye poyanika zovala. Koma ayi ndithu. Ameneyo anali eriyo ya wailesi ya bambo, ndipo pakhomo pathu lamulo loyamba, lotsogola ngakhale lopemphera tisanadye, linali lakuti wayayo sakhudzidwa.

Bambo anga anali telala. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mnyamata, nadzakalambira ku Harare kuno, koma makutu awo sanasamuke. Ankasoka pakhonde, pakati pa fungo la mafuta a makina ndi nsalu zatsopano, wailesi ili pazenera itavala jekete yake yomwe anaisokera okha, ya zipi. Ife ana tinalibe majekete a zipi, koma wailesi inali nayo. Inkagwira mawu a ku Malawi kudzera pa shotiwevu, ndipo ikafika nthawi ya masana yowerenga mauthenga a maliro, makina ankaima, ife tonse kukamwa n'kutseka. Ngakhale kasitomala wofulumira bwanji ankadikira, thalauza lake lili m'manja.

Masiku amenewo tinalibe foni. Munthu akamwalira kumudzi, abale ankapita kuboma kukasiya uthenga, ndipo wowerenga ankatchula dzina la womwalira, mudzi wake, ndi amene akufunidwa: a uje amene ali ku Harare, bwerani msanga. Bambo ankalemba mayinawo ndi choko chawo chautelala pa thabwa la makina. Akamva dzina la munthu wa ku Mufakose kapena ku Mbare, ankatumiza mawu tsiku lomwelo. Anthu akwathu ankawadalira kwambiri pa zimenezi, ndipo iwo ankanyadira.

Chaka chimenecho, ine ndili giredi 5, kunabwera kalata yoti agogo aNambewe, mayi awo a bambo, akudwala, miyendo yatupa. Ine agogowo ndinali ndisanawaonepo. Bambo analongedza sutikesi, muli suti yakuda, pasipoti ndi bulangete latsopano, n'kuilowetsa pansi pa bedi. Amayi ankawauza mobwerezabwereza kuti apite akawaone akadali moyo. Iwo ankayankha kuti apita akangomaliza mayunifomu a sukulu amene anawapatsa kuti asoke. Njira ya kumudzi inkadzera ku Tete, ndipo kunali nkhondo. Magalimoto ankayenda pamdipiti, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo si onse ankafika. Oyandikana nafe nyumba, a Zuze, anathawa komweko. Nawonso anali ndi kawailesi kawo komwe ankamverako za kwawo m'Chipwitikizi, ndipo nkhani zimene ankauza bambo pampanda sizinali zolimbitsa mtima. Choncho sutikesi inakhala pansi pa bedi, bambo n'kumamvetsera wailesi tsiku ndi tsiku. Maliro a bambo awo anali atawaphonya kale, ndipo ankanena poyera kuti a mayi awo sadzawaphonya, adzaponya dothi ndi dzanja lawo.

Tsopano tamverani mbali yanga, chifukwa palibe anaimvapo.

Yunifomu ndinali nayo imodzi. Mwana wa telala, yunifomu imodzi! Loweruka ndiye linali tsiku lochapa. Chingwe choyanikira zovala pakhomo chinali chimodzinso, ndipo tinkagawana ndi mayi wina amene ankachita lendi kachipinda kakumbuyo. Mayiyo anali ndi mapasa. Inu mukudziwa matewera a mapasa. Pofika kadzutsa chingwe chonse chinkakhala mbuu, popanda ngakhale poika sokosi imodzi. Ukayanika pampanda, mabulosi ankakudonthezera madontho ofiirira osachoka. Ukayanika pansi, nkhuku za a Zuze. Ndiye mwana wazaka khumi atani? Ndinali nditazolowera kale kuti bambo akapita m'tauni kukagula ulusi, ndinkaponya yunifomu pa waya wawo, kumapeto kwenikweni pafupi ndi mtengo, n'kuichotsa asanabwere. Ndinachita zimenezi kambirimbiri, nthawi zina wailesi ikulira amayi akumvera nyimbo za kwaya, ndipo sinatsokomoleko n'komwe.

Loweruka limenelo kunatentha kwambiri. Amayi anali atapita ku Mbare kukapikula tomato, bambo m'tauni. Ndinachapa mochedwa, n'kuyanika yunifomu ndi masokosi pa waya, kenako anzanga anandiitana kukasewera phada pamsewu. Ndinaiwala. Ichi chokha ndiye ndimavomera, kuti ndinaiwala. Bambo anabwera mofulumira kuti asaphonye mauthenga, analowera kukhomo lakumaso, osaona zakuseri. Ine ndinawathamangira kuti ndiwalandire katundu, mtima uli m'mwamba, koma mpata wozembera kuseri sunapezeke chifukwa anandiuza ndikhale pansi, nthawi yakwana.

Mawu ankamveka bwino zedi tsiku limenelo, ngati wowerengayo wakhala nafe pakhonde. Anatchula dzina loyamba, la munthu wa ku Mulanje. Anayamba lachiwiri. Kenako mawuwo anayamba kutitimira pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'madzi, mpaka zii. Panangotsala kaphokoso kapansipansi kakuti shiii. Bambo anapotokola kofufuzira masiteshoni uku ndi uku. Palibe. Azungu a masiteshoni akutali amene ankalankhula pamenepo tsiku lililonse, palibe. Apwitikizi, palibe. Anatulutsa mabatire, n'kuwanyambita, n'kuika atsopano amene ankasunga m'dirowa. Anaimenya wailesiyo pamsana kawiri, chinthu chimene anali asanachitepo. Thukuta linali kamukamu. Kenako anadzuka, n'kumatsatira waya ndi maso kuchokera pazenera, kuzungulira nyumba, mpaka kumtengo.

Yunifomu yanga inali pamenepo, ikudontha tho, tho, tho, pa repu wa amayi.

Anandiitana ndi dzina lonse, Esinati, limodzi ndi la mfunda, zomwe zinkachitika pokhapokha zinthu zikaipa. Rula yawo yathabwa yoyezera nsalu inagwira ntchito ina pa akatumba anga, katatu. Zimenezo sindidandaula, ana tonse a mumzere wathu tinkalandira zoposa pamenepo. Ndinachotsa yunifomu ndikulira. Iwo anakwera pampando n'kumupukuta waya yense ndi kansalu kouma, kuyambira kumtengo mpaka pazenera, ngati akupukuta mwana wosamba. Ndiye taonani tsoka langa. Patapita kanthawi, mwina ola, wailesi ija inabwerera yokha, pang'onopang'ono mmene inapitira, ikuimba nyimbo ya gitala ngati palibe chachitika. Mauthenga anali atatha kalekale. Bambo anangondiyang'ana n'kuti, "Waona?"

Ndikanati chiyani? Umboni wanga wokha unali wakuti ndinali nditayanikapo kambirimbiri popanda vuto. Tangoganizani mwana akudziteteza ponena kuti si koyamba kuphwanya lamulo. Ndinangomeza mawuwo, ndipo anandikhala pakhosi zaka zoposa makumi atatu.

Patatha milungu iwiri kunabwera dalaivala wina wa lole, wakwathu, amene anadutsa ndi mdipiti wa ku Tete. Anakana mpando, anangopereka kalata atagwira chipewa m'manja. Bambo anaiwerenga ataimirira. Agogo aNambewe anamwalira Lachisanu. Uthenga unawerengedwa pa wailesi Loweruka lija masana, kamodzi kokha. Abale anadikira mpaka Lolemba akuyang'ana kumsewu, kenako anaika. Amayi anayamba kulira, anthu oyandikana nafe n'kuyamba kulowa. Bambo sanalire. Anaipinda kalatayo bwinobwino monga ankapindira nsalu ya kasitomala, n'kuiika m'thumba la malaya. Ine ndinali nditaima pakhomo la kukhitchini nditanyamula beseni. Anatembenuka, n'kundifunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"Yunifomu yako ija inauma bwino?"

Rula ija inali yabwino. Mawu amenewa anandilowa mpaka m'mafupa. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ine ndi amene ndinalepheretsa bambo kuika mayi awo, ndipo palibe anandiuza zosiyana. Nkhaniyo m'kupita kwa zaka inasanduka nthabwala ya pabanja, monga zimakhalira. Achimwene anga anandipatsa dzina loti Nachiwaya. Magetsi akazima ankati tafufuzani kumene Esinati wayanika. Ngakhale pa chilangizo cha ukwati wanga, azakhali anatsiriza ndi kundiuza kuti ndikakafika kwa eni ake ndizikafunsa kaye ndisanayanike, chipinda chonse n'kufa nacho chiseko. Inenso ndinkaseka, nanga n'kutani. Koma nditapita ku Ntcheu koyamba, ndili mayi wa mwana mmodzi, ndinapempha kuti andiperekeze kumanda, ndipo ndinagwada n'kupepesa. Ndinapepesa kwa mayi amene sindinawaonepo, chifukwa cha yunifomu ndi masokosi awiri. Kunyumba kwanga ku Hatcliffe ndinakana waya woyanikira zovala, ndinkagula chingwe chapulasitiki chimene chimaduka chaka chilichonse, amuna anga n'kumangopukusa mutu.

Akuluakulu amati mlandu suola. Wanga unadzatulukira mu kombi, minibasi ya kuno.

Chinali chaka chatha, ndikuchokera m'tauni masana, titapanikizana anayi anayi, thumba la mbatata la munthu wina lili pamiyendo panga. Pa wailesi ya dalaivala ankawerenga nkhani m'Chishona. Sindinkamvetsera, mpaka ndinamva akuti padzuwa pachitika kuphulika kwakukulu, masetilaiti amene amayang'anira dzuwa aona, ndipo akatswiri akuchenjeza kuti mawailesi a shotiwevu, monga amene oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amagwiritsa ntchito, angathe kuzima kwa kanthawi kumadera kumene kuli masana. Ndinamuuza kondakitala kuti akweze mawu. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Wowerengayo anapitiriza kuti mawu amatha kutitimira kwa mphindi zingapo, mwina ola kapena kuposerapo, kenako n'kubwerera okha.

N'kubwerera okha! Ndinamenya mpando wakutsogolo ndi chikhatho, mayi amene anakhalapo n'kulumpha. Ndinalankhula Chichewa mokweza mu kombi yodzaza Ashona, ine amene ndili mwana ndinkabisa chilankhulo chathu pagulu kuopa kusekedwa.

Nditafika kunyumba sindinavule n'komwe nsapato. Ndinakhala pa sitepe n'kuwerenga pafoni mpaka bandulo inatha, ndinagula ina. Ine sukulu ya sayansi sindinapite nayo patali, koma zimene ndinamva ndi izi. Dzuwa limene timaliona ngati lofatsa lili ndi nyengo zake zolusa, zimene zimabwera pafupifupi zaka khumi ndi chimodzi zilizonse. Likalusa limatuluka timadontho takuda, ndipo pafupi ndi timadontho timeneto pamaphulika. Kuwala kwa kuphulikako kumafika kuno m'mphindi zisanu ndi zitatu zokha, n'kusokoneza mpweya wakumwamba kwambiri umene mawu a shotiwevu amagundako kuti abwerere pansi kutali. Mpweyawo ukasokonezeka umangomeza mawu onse. Nthawi zina dzuwa limalavulanso zinthu zimene zimayenda tsiku limodzi kapena atatu zisanafike, ndipo zimenezo zimavutitsa ngakhale mawaya a magetsi ndi zida zolondolera njira. Ndiye anthu anaponya masetilaiti m'mwamba, ena mpaka kutali pakati pa ife ndi dzuwa, oti ntchito yawo ndi kulipenyetsetsa basi, osaphethira. Amalijambula, amaliyeza, ndipo akatswiri amalosera monga amachitira ndi mvula, kuti masiku akubwerawa samalani. Amati ndi nyengo ya mumlengalenga.

Sindinganame kuti ndinapeza Loweruka lenilenilo, tsiku lake sindinalisunge. Koma zaka zimene ndinali ku pulayimale zikugwera ndendende pa nyengo ina imene dzuwa linalusa. Ndipo chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti ngakhale nthawi imeneyo masetilaiti ena analipo kale m'mwambamo akuyeza zimenezi. Ndiye kuti pamene rula inkatsika pa akatumba anga, kwinakwake kunali munthu atakhala muofesi, kapu ya tiyi pambali, akuona kamzere kakukwera papepala, akudziwa bwinobwino chimene chazimitsa wailesi. Ku Kuwadzana kokha ndiye uthengawo sunafike.

M'mawa mwake ndinakwera makombi awiri. Bambo ndinawapeza pakhonde lomwe lija, akuwothera dzuwa lomwelo, ndodo ili pambali. Maso anafooka, sasokanso, makina anafundidwa nsalu. Mtengo wa mabulosi unadulidwa pomanga mpanda wa simenti, ndipo padenga pali sola. Amayi anali pamphasa akusankha nyemba. Ndinapereka moni mwaulemu wake, ndinafunsa za miyendo, za mankhwala, koma m'kati ndinkangobwadamuka. Kenako ndinakhala pafupi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira mu kombi. Ndinawaonetsa kanema wojambulidwa ndi setilaiti, dzuwa lili lofiira ngati khala la moto, likulavula malawi m'mbali. Anaigwira foniyo pafupi ndi mphuno kwa nthawi yaitali. Anafunsa ngati wojambulayo sapsa. Ndinati mulibe munthu, ndi makina okha. Anati azungu alibe zochita.

Ndinati, "Bambo, mukundimva koma? Wailesi yanu ija sinazime chifukwa cha yunifomu yanga."

Anandibwezera foni, n'kupukuta maso ndi kansalu.

"Ndikudziwa. A Zuze anandiuza mawa lake tikuchokera kutchalitchi. Yawonso inazima nthawi yomweyo, n'kubwerera nthawi yomweyo. Iwo analibe ndi waya yemwe."

Amayi anasiya kusankha nyemba. Mawa lake! Kutanthauza kuti pamene dalaivala uja ankabwera ndi kalata, pamene ankandifunsa ngati yunifomu inauma, anali akudziwa kale kwa milungu iwiri. Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawakumbutsa za dzina la Nachiwaya, za chilangizo, za kugwada kwanga kumanda ku Ntcheu, chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Mawu anga anakwera kuposa mmene mwana amayenera kulankhulira ndi bambo ake, ndipo amayi sanandiletse.

Kenako bambo anati:

"Kalata yoti akudwala inakhala m'nyumba muno miyezi iwiri. Mayunifomu aja ndinali nditamaliza kalekale. Ndinkaopa msewu wa ku Tete, mwanawe. Ndinkadikira wailesi kuti indikakamize. Ndiye tsiku lija nditawerenga kalata, ndinakweza maso, n'kupeza iwe waima pakhomo."

Mawu oti pepa sanatuluke, ndipo amene mukuwadziwa abambo a m'badwo umenewo simudabwa. Ndinkafuna kukuwa, ndinkafunanso kuwagwira dzanja, ndipo sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinangokhala, misozi ikutsika, nditakwiya ngati mwana wa giredi 5. Patapita kanthawi anauza amayi kuti atsegule dirowa ya makina. Munali waya uja, atakulungidwa bwino, atamangidwa ndi kansalu ka yunifomu yobiriwira. Anamuika pamiyendo panga.

"Tenga. Amayi ako amati kwanu chingwe chimangoduka."

Masiku ano uthenga wa maliro sudikira masana. Umalowa pafoni pa gulu la abale, nthawi zina anthu a pamudzi pomwepo asanayambe n'kulira komwe, ndipo wina amakhala atatumiza kale chithunzi. Msewu wa ku Tete mabasi amadutsa tsiku lililonse anthu akugona m'mipando. Ana anga Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona, ndipo shotiwevu sadziwa kuti ndi nyama yanji. Nditawauza nkhaniyi anaseka, n'kufunsa chifukwa chake sindinangofufuza pafoni. Ine pafoni yangayo tsopano ndimatsegula tsamba la nyengo ya mumlengalenga pafupifupi tsiku lililonse, ngakhale ndilibe ndege kapena sitima. Ndikaona kuti dzuwa laphulikanso ndimawaimbira bambo kuwauza kuti mnzawo uja wayambanso, iwo n'kuyankha kuti ndichotse zovala pa waya. Pamenepo ndiye pamene tinafika, ndipo ndaona kuti sitidzapitirira apo.

Waya uja amuna anga anamukoka kuseri kwa nyumba ku Hatcliffe, kuchokera pakhoma mpaka pa mtengo wa mapeyala. Loweruka lililonse ndimayanikapo mayunifomu a ana, masokosi, ngakhale mabulangete onyowa. Sagwa, sachita dzimbiri, sadetsa zovala. Ndi waya wabwino kwambiri woyanikira, monga ndinaonera ndili ndi zaka khumi.